Kachitseko ka M'chumuni

Ku Chipoka kunalibe mmisiri wa malata woposa a Abbas. Anali amtali ngati mgwalangwa, ndipo pa ntchito yawo sankafuna nzeru ya munthu wina. Akazi awo, mayi Tausi, anali aafupi, ndipo zaka zambiri zophikira pamafuwa zinawasiyira chifuwa chosamva mankhwala.

Chifuwacho chinkawasowetsa mtendere a Abbas. Anadula mgolo wakale n'kupanga chitofu cha nkhuni, chumuni chake chotulukira padenga. Utsi unatha m'khitchini, mayiwo nayamba kupuma bwino. Koma mwera utayamba, chumuni chinkakoka moto mwaukali, mtolo wa nkhuni n'kutha nyemba zisanapse.

Mmisiriyo sanasowe chochita. Anasema chidutswa cha lata chozungulira, nachibaya ndi waya, kuti chikhale kachitseko m'kati mwa chumuni: ukapotoza pang'ono moto ufatse, ukatsegula utsi utuluke.

Atanyamula msomali kuti aboole, mayi Tausi anayamba kulankhula. "Bambo a Zuleka, kodi pamenepo..."

"Inu ndi miphika, ine ndi malata," anawadula mawu akumwetulira.

Anaboola pomwe dzanja lawo linafika bwino, pafupi ndi denga. Atatha anatseka kachitsekoko kuti mphepo isamwaze phulusa. M'mawa mwake ananyamuka kukagwira ntchito ya mwezi wathunthu ku njanji yomwe inkamangidwa kulowera ku Lilongwe.

Tsiku lobwerera, chifuwa chija anachimvera kumsewu. Anapeza akazi awo akuphika panja pamafuwa, mwera ukuwabwezera utsi kumaso. M'chitofu munali nkhuku, itafungatira mazira.

"Mayi a Zuleka, thukuta langa lonse lija mwapatsa nkhuku?"

Mayiwo anawagwira dzanja n'kulowa nawo m'khitchini. Anaima chanyang'ama, natambasula mkono mpaka phewa kulira. Zala zawo sizinayandikire n'komwe waya uja.

"Munasiya motseka," anatero mofatsa. "Nditakoleza moto, utsi unadzaza muno. Ndinakwera pamtondo, mtondo n'kugubuduka." Anawaonetsa chipsera chatsopano pachigongono.

"Nanga osaitana munthu wamtali bwanji?"

"Kuti Chipoka yense adziwe kuti a Abbas anaphonya muyeso? Ndinati bola nditsokomole."

A Abbas anakhala pansi pamulu wa nkhuni. Anayang'ana chipseracho nthawi yaitali. Kenako anatola khala lozima n'kuliika m'dzanja la akazi awo.

"Lembani pomwe mukufuna."

Mayi Tausi analemba kamzere pachumuni, polingana ndi phewa lawo, kumbali kosafika nthunzi ya mphika.

"Ndipo chogwirira chikhale chamtengo. Waya amawotcha. Tsiku lija ndinkafuna kunena zomwezi."

"Pali china, amisiri?"

"Nkhukuyo muisamutse mwaulemu. Yakhala ikukusungirani chitofu."

Onse anaseka, mpaka chifuwa chinawadula mayiwo, amuna awo nawasisita pamsana. Anaisamutsira nkhuku m'dengu ndi mazira ake, naboola pakamzere paja, namata chigamba pabowo lakale. Dzuwa lisanapendeke moto unali ukuyaka mofatsa, mayi Tausi akupotoza kachitseko ndi zala ziwiri, maso awo ali ouma.

Chigamba chija chinakhala pamenepo zaka zonse, ndipo a Abbas sanachibise. Mlendo akafunsa, ankachiloza n'kunena okha kuti akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.