Choko pa Miyala ya Dokotala

M'chipinda chodulira miyala munali lamulo limodzi: mwala usakhudze sowo usanapakidwe nambala ndi muvi wofiira woloza kumwamba. Analiika ndi mmisiri wa chipindacho, bambo wa imvi ndi zala zokakala, yemwenso anali mlamu wake wa Dokotala, mwini kafukufuku.

Dokotalayu anali atatha zaka khumi ndi chimodzi akusaka yankho limodzi. Kalekale madzi oundana anakuta pafupifupi dziko lonse, ndipo atasungunuka, pansi pa nyanja panakhazikika miyala ya laimu, mizeremizere, wina pamwamba pa unzake. Akatswiri ankakangana ngati kusungunukako kunatenga zaka zikwi zochepa kapena zikwi mazanamazana. Iye anaboola phiri lina n'kutulutsa mwala wautali wodukaduka, mabokosi makumi atatu. Yankho linagona pa kutsatana kwa mizereyo, kuchokera pansi kukwera kumwamba, ndipo dzina lake lonse analikoleka pamenepo.

Kutatsala milungu iwiri kuti akalankhule pamsonkhano waukulu, anapeza mmisiri akupaka penti mwachifatse.

"Alamu, kodi tikudula miyala kapena tikupenta nyumba?"

"Penti ameneyu amauma masiku awiri, alamu. Madzi a sowo alibe chisoni."

"Miyala iyi ndimaidziwa kuposa mlongo wanu."

"N'chifukwa chaketu amadandaula," anatero mmisiri, koma nkhope ili gwa.

Loweruka m'mawa Dokotala analowa yekha. Miyala yosapakidwa anailemba ndi choko, n'kuyatsa sowo. Anadula ndi mtima wonse mpaka masana, madzi akuthovoka, dzanja likupatsira linzake. Atazimitsa makina anayang'ana patebulo. Zidutswa makumi asanu ndi limodzi zinali ndandanda, zotuwa zokhazokha, zoyera ngati zotsukidwa dala. Choko chinali chitapita ndi madzi.

Apa munthu wanzeru akanaulula. Koma manyazi ndi kudzimva zikakwatirana zimabala bodza. Anazindandalika potsata maso ake, n'kuzipaka yekha mivi yofiira.

Lolemba mmisiri anagwira chidutswa chimodzi, penti n'kumumata chala.

"Alamu, mwachita chiyani kuno?"

"Inu yanu ndi sowo. Zoganiza tisiyireni ife."

Zotsatira zinatuluka zokongola mochititsa mantha: madzi oundana anasungunuka mwamsangamsanga. Kumsonkhano anamuombera m'manja, nkhani n'kusindikizidwa. Iye ankamwetulira, koma mumtima munali chinthenthe.

Patatha chaka, akatswiri ena anapempha zidutswazo kuti aziyezenso. Anapeza kuti m'mphepete mwake simukulumikizana, zina zinali chadodolido, za pansi zili pamwamba. Akuluakulu a sukulu yaukachenjede imene Dokotala ankagwirako ntchito anaitana mmisiri, Dokotala ali pomwepo.

"Mivi iyi munapaka ndinu?"

Mmisiri anayang'ana mlamu wake, misozi ikulengeza. "Ayi, si dzanja langa."

Nkhani ija inachotsedwa m'mabuku, ntchito ya Dokotala inatha, ndipo kunyumba mkazi wake sanadziwe woti amulirire pakati pa mwamuna ndi mlongo wake. Dokotala anatsala ndi chiyembekezo chimodzi: kukaboolanso phiri, n'kuyambiranso moona. Anayenda masiku awiri. Atafika anapeza chidzenje chachikulu chodzaza madzi obiriwira, magalimoto akutuluka ndi miyala.

"Phiri lija? Tinaliphwanya kale, bwana," anatero mlonda wa pachipata. "Linapita ku simenti."

Dokotala anakhala pansi m'fumbi. Mizere imene inadikira zaka mamiliyoni kuti munthu aiwerenge, iye analephera kuidikira masiku awiri. Makolo sananame: kuthamanga si kufika.