Mayi wa Kumunsi kwa Ngalande

Panali mayi wina wogulitsa makala, amene nyumba yake ya zidina inali kumunsi kwenikweni kwa dera, pomwe ngalande yamadzi imathera. Ankakhalamo ndi ana ake awiri, ndipo analibe kwina kopita.

Kale, mvula isanayambe, akhonsolo ankabwera okha ndi mafosholo kudzachotsa zinyalala m'ngalandemo popanda wowaitana. Koma zinthu zinasintha. Tsopano khonsolo inkayamba yafunsa eni dera chimene akufuna, n'kugwira chokhacho chimene agwirizana, pakuti thumba la ndalama linali laling'ono.

Tsiku lina mnzake anabwera kudzamutenga kuti apite kumsonkhano wosankha ntchito ya chaka chimenecho. Anamupeza akupima makala. Mayiyo anaseka, nati misonkhano ndi ya anthu osowa chochita.

"Kodi akhonsolo alibe maso? Ngalande yodzaza chonchi mpaka ndikachite kuwauza ine?"

Sanapite. Anzake akumunsi ataona kuti mayi wodziwa kulankhula uja watsala, nawonso anatsala. Kumsonkhano kunadzaza anthu akumtunda, amene madzi amangowadutsa pakhomo. Iwowa vuto lawo linali mdima ndi akuba, choncho anasankha magetsi a mumsewu. Sanalakwe ayi, munthu amakanda pomwe pakumuyabwa.

Dzinja litayandikira, mitambo inayamba kuda, ndipo mayi uja anayamba kuda nkhawa. Akadzuka ankayang'ana m'ngalande: majumbo, zitsononkho, mchenga, modzaza tho. Ankagwira khoma lake n'kuyang'ana kumwamba. Anayesa kukumba yekha ndi khasu, koma ngalande ya dera lonse si ya manja awiri.

Mantha atamukulira anathamangira kwa khansala wa deralo. Khansalayo anamumvetsera mpaka kumaliza, chisoni chikuoneka pankhope.

"Mayi, tinafunsa mobwerezabwereza ngati alipo wochokera kumunsi. Palibe anaimirira. Thumba lonse lapita ku mapolo a magetsi."

Mvula inagwa masana ena, yamkuntho. Madzi anasefukira n'kudya khoma kunsi mpaka linagwa, ndipo mayi anangotha kutulutsa ana ndi bulangete limodzi. Kutayamba kuda, magetsi atsopano aja anayaka. Anawala bwino kwambiri, moti aliyense wodutsa anaona khoma lakugwa, ana akunjenjemera, ndi mayi atakhala pathumba la makala onyowa.

Abale anga, nkhaniyi imandisowetsa mtendere, chifukwa mipando yopanda anthu ndikuionabe m'misonkhano yathu. Khonsolo ya lero siombeza ula kuti idziwe chikukuvutani. Imafunsa, ndipo amene amamveka ndi amene abwera. Inu amene madzi amathera pakhomo panu, mitambo ija mwaiona kale. Akadzaitananso, makala adikire.