Tsiku Limene Mathithi Anayankha Odi

Kalekale, anthu akadavala nyanda, makolo athu a pfuko la Nkhoma ankakhala m'chigwa chathyathyathya cha pakati pa dziko lino, kumene madzi ankawadziwira m'zitsime ndi m'madambo basi. Mvula itakana zaka zitatu zotsatizana, zitsime zinauma, ndipo mwini mbumba, Kafantenganji, anasonkhanitsa alongo ake, ana awo ndi akamwini nkuyamba ulendo wolowera kumpoto. M'gululo munali Nankhoma, mwana wa mlongo wake Mwatitha, amene anabereka kumbuyo khanda la miyezi inayi lotchedwa Sikudzakuno.

Akuluakulu amati Kafantenganji anali munthu waulemu wochita kunyanya, woti ngakhale pothyola tsamba la mtengo wa eni ankayamba wawomba m'manja. Ulemu wakewo unawadutsitsa m'midzi yambiri popanda kuponya muvi ngakhale umodzi, ndipo ine ndimamugomera pa chimenechi.

Atayenda mwezi wathunthu anafika kumapiri, zipanda zawo zitauma gwa. Ali pamwamba pa chitunda anaona utsi woyera ukufuka m'nkhalango kumunsi, ndipo anamva kugunda kosalekeza ngati amayi ambirimbiri akusinja. Anthu ochokera kuchigwawa anali asanaonepo mtsinje ukugwa kuchokera pathanthwe, kotero onse anagwirizana kuti kumeneko kuli mudzi waukulu.

“Kusinja kotereku ndi kwa maliro a mfumu,” anatero Kafantenganji. “Sitingalowe ndi mauta pamudzi wa anamfedwa, ndipo wina asayerekeze kutunga pachitsime chawo asanatilandire. Kwa eni kulibe mkuwe.”

Motero anakhala pachitundapo, ndipo m'mawa uliwonse mkuluyo ankaima pamwala nkufuula kuti, “Odi kumeneko!” koma kunalibe woyankha. Tsiku lachiwiri linapita, lachitatu linafika, anthu akungotafuna mizu. Mawere a Nankhoma anauma, liwombo la khanda linalowa, ndipo kulira kwake kunasanduka kakubuula kosamveka bwino.

Dzuwa lili paliwombo, Nankhoma anagwada pamaso pa mkuluyo nati, “Atsibweni, mwanayu safika madzulo. Ndiloleni nditsike ndekha.”

“Mwananga, ukatiputira nkhondo. Pirira, eni mudzi atimva.”

“Akandipha akaphe ine, atsibweni, koma ayambe am'patsa mwana madzi.”

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nankhoma anamanga mbereko, anatenga chikho nkutsetsereka, minga ikum'ng'amba miyendo. Potuluka m'nkhalango sanapeze nyumba, mtondo kapena munthu. Anapeza mtsinje wonse ukudzigwetsa kuchokera pathanthwe lotalika kuposa mitengo isanu yosanjikizana, woyera ngati ufa, nthunzi yake ikukwera kumwamba, utawaleza utagona pamwamba pa dziwe. Mayiyo anachita mantha kwambiri, komabe anatunga madzi nkumadonthezera khandalo ndi chala mpaka linameza. Kenako anamwa iye, ndipo pokwera chitunda mwana anali akulira mokweza kumbuyo kwake.

Atamva kuti kulibe mudzi, anthu onse anathamangira kumunsi, ena akuseka, ena akulira, akamwini ena akung'ung'udza kuti akanafa ndi ludzu chifukwa cha ulemu wochitira mwala. Kafantenganji anatsika pomalizira, manyazi atam'gwira, atanyamula khasu lake lokhalo limene linatsala. Anthu onse anamwa, koma iye anakana.

“Malo okongola chonchi sangakhale opanda mwini,” anatero. “Mbumba yanga yatunga isanaloledwe, ndipo mlanduwu ndi wanga.”

Anagwada pathanthwe, anaika khasu pansi, anawomba m'manja katatu nkunena ndi mawu osasa kuti, “Odi, eni malo! Ndife alendo, tabwera ndi ana.” Pomwepo mathithi anakhala chete. Madzi anaima m'malere osagwa, kotero kuti anthu anamva njuchi zikulira m'maluwa tsidya lina, ndipo chinsalu cha madzicho chinagawika pakati nkuonetsa phanga lalikulu louma, lokwanira mbumba yonse. Patapita kanthawi madzi anayambanso kugwa.

“Ativomera,” anatero mkuluyo, ndipo anamwa chikho chimodzi kuchokera m'manja mwa Nankhoma. Koma ludzu la masiku aja linali litam'fooketsa kale, pakuti madzi ake omaliza anali atawagawira ana panjira, ndipo anamwalira mwezi usanathe. Mbumba yake inakhala m'phangamo dzinja lonse, kenako inamanga mudzi nkukwatirana ndi anthu a kumapiriwo. Sikudzakuno anakula, anabereka Mwandilanga, Mwandilanga anabereka Tiyesere, ndipo Tiyesere ndiye anabereka agogo anga.

Chaka chatha ndinakwera basi yopita kumpoto, nditatsika ndinakwera njinga yamoto mpaka pamathithipo. Ndinapeza magalimoto ataima m'mbali mwa msewu, alendo akujambulana ndi mafoni atafulatira madziwo. Amene anandiperekeza anali a Chiwaula, bambo wachikulire wosoka nsapato pamsika wapafupi, ndipo ndi iwo anandilongosolera bwino mbiriyi. Anandisonyeza maenje awiri osalala pathanthwe, pamene panagwada Kafantenganji, ndi chitsulo cha khasu chadzimbiri chimene chinakanirira mumng'alu.

Ine ndinali ndi ludzu, ndipo ndinathamangira kudziwe ndi botolo langa. A Chiwaula anandigwira mkono nati, “Achimwene, mwabadwira m'tauni eti? Makolo anu anadikira masiku atatu, inu mukulephera kamphindi?” Ndinachita manyazi. Ndinagwada m'maenje awiri aja, ndinawomba m'manja katatu, ndipo ngakhale madzi sanaime, misozi inanditsika ndisanamalize kunena odi.