Motore Watsopano wa a Baltazar

Pakhomo pa a Baltazar ku Domwe anthu ankagona m'nyumba ya udzu, koma karinya kankagona pansi pa malata. Karinyako kadali kagalimoto kotsegula kumbuyo, kogula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo, ndipo kadafika pakhomopo katakalamba kale. Ntchito yake idali kututa mbatatesi kupita nayo ku Vila Coutinho. Masiku amene katopa, ntchitoyo inkagwera ng'ombe ziwiri za ngolo, zimene a Baltazar ndi akazi awo a Inácia adazipeza ndi khasu, atalima zaka zisanu ndi ziwiri osagula ngakhale bulangete latsopano.

Chaka cha 1972 mbatatesi idachita bwino, ndipo chaka chomwecho karinya kadayamba ludzu. Oliyo wothira Lolemba, pofika Lachinayi kandodo koyezera kankatuluka kali gwa, ngati fupa limene galu walitaya. Nthawi imeneyo oliyo sankapezeka wamba, poti msewu wa ku Tete udali wa nkhondo.

Tsono a Baltazar adali munthu wa sukulu. Adamaliza kwarta kalasi, kalasi yachinayi, ku mishoni, nakalembako makalata ku posto, ofesi ya boma la atsamunda, zaka ziwiri, ndipo chiyambire pamenepo makutu awo adangotsala okongoletsa mutu. Munthu akayamba kuwauza kanthu, iwo ankamumalizira okha mawu ake, n'kumuyankhanso. Amuna otere alipo ambiri, ena tidawaika kale m'manda asanamvepo chiganizo chathunthu cha mkazi.

A Inácia ankasesa bwalo dzuwa lisanatuluke, monga achitira mkazi aliyense wosafuna kusekedwa. Mmawa uliwonse ankapeza banga lakuda pansi pa karinya. Ankalipala ndi khasu n'kuthirapo mchenga, chifukwa nkhuku zikapondapo zinkakadinda mapazi pakhonde lozira kumene. A Baltazar akamadzuka, pansi padali poyera ngati pa guwa la tchalitchi.

"Bambo a Zita," adatero a Inácia tsiku lina, powaona akukhuthulira chitini china cha oliyo m'motore, injini ya karinya, "chigalimoto chanuchi chimakodza pogona."

"Chimatani?"

"Chimakodza. Tsiku ndi tsiku ndimapala pansi pakepo, banga lake ngati..."

"Ameneyo ndi oliyo wotayika ndikamathira. Motore wakalamba, akuwotcha oliyo m'kati. Inu mayi a Zita samalani za nkhuku zanu."

"Ndiye mumathirira pansi pa mimba yake?"

A Baltazar adali atalowa kale m'karinya, chitseko pha!

A Inácia adatuma mawu kwa mlongo wawo, a Policarpo, amene adakhala zaka khumi akukonza magalimoto pa ofisina ina ku Vila Coutinho. A Policarpo sankatha kulemba dzina lawo, koma motore akatsokomola ankadziwa nthiti imene ikupweteka. Adafika panjinga Loweruka, napempha alamu awo kuti alize karinya. Adaika chikhatho pa paipi ya utsi, nachinunkhiza. Adamasula pulagi imodzi, naiyang'ana padzuwa.

"Alamu, oliyo sauluka. Ali ndi njira ziwiri zokha: kupsa kapena kudontha. Akamapsa, utsi umatuluka wobiriwira, pulagi imanona. Uyu utsi wake ndi woyera, pulagi ndi youma. Yalani thumba loyera pansipa, kagone mpaka mawa, achemwali asasese. Tikaona pomwe..."

"Pomwe padontha, eya, eya. Alamu, ine buku la galimotoyi ndili nalo, la Chipwitikizi, ndipo ndaliwerenga. Motore akayenda makilomita ochuluka chonchi amatha m'kati. Thumba lingandiuze chiyani chimene buku silidanene?"

"Buku silidagonepo pansi pa galimoto yanu, alamu."

"Ngakhale inu simudagonepo m'kalasi."

A Policarpo adaseka, napukuta manja awo ndi udzu. Adamwa thobwa la mlongo wawo, nakwera njinga. A Inácia adayala thumba madzulo omwewo, koma a Baltazar adalichotsa, amvekere thumba la mbatatesi si mphasa ya galimoto.

Zoona zake n'zakuti mtima wawo udali utapita kale kwina. Mwini kantina, sitolo ya pamsewu wa ku Kalomwe, adali ndi karinya ka mtundu womwewo, kamene kadagubuduka pamlatho chaka chatha. Thupi lake lidaphwanyika, koma motore adatsala wamoyo, ndipo a Baltazar ankamuyendera ngati mnyamata woyendera mbeta. Mwini kantina adati ndalama sakuzifuna. Ankafuna ng'ombe ziwiri za ngolo, ndi motore wakaleyo ngati basera.

A Inácia atamva adakhala pansi pomwe adaimapo.

"Ng'ombe zija? Nanga chigalimotochi chikadzafa mbatatesi idzayenda pa chiyani? Pamutu panga?"

"Motore watsopano safa. Mudzandithokoza."

"Dikirani tsiku limodzi lokha, tiyale thumba lija. Tsiku limodzi, bambo a Zita! Mbatatesi siwola ndi tsiku limodzi."

Ng'ombe zidapita Lachiwiri. Zidatuluka m'khola zikucheuka, ndipo a Inácia sadatuluke m'nyumba kukaziona.

Ntchito yosintha motore idachitikira pabwalo pomwepo. A Baltazar adaimika mitengo itatu ya bulugamu, naimanga pamwamba ngati mafuwa aatali, napachikapo unyolo wobwereka. Adaitana amuna asanu ndi mmodzi a m'mudzi monga aitanira anthu pa dima, ndipo mowa wake adafulula ndi a Inácia omwewo, ng'ombe zawo zitapita, nkhuni zawo zikupsa. A Policarpo adabwera osaitanidwa. Adati sangalole kuti mlongo wawo akhale wamasiye chifukwa cha unyolo womangidwa ndi munthu wa buku.

Kunena zoona, ntchito idayenda. A Baltazar adaima pambali ndi buku m'manja akuwerenga mokweza, a Policarpo ali pansi akumasula zimene zinkafunika kumasula, osati zimene zinkawerengedwa. Mabawuti adawaika m'zipande ndi m'mbale za a Inácia, aliwonse ndi malo ake. Amuna adakoka unyolo akuimba nyimbo yokokera mtengo, motore wakale adatuluka akulendewera, wakuda bii, ngati nkhumba yopita kowawula.

Atatembenuza motore watsopano, adapeza kuti mbale yake ya pansi, mmene mumakhala oliyo, idaphwanyika pa ngozi ija, yopindika ngati chitini chopondedwa ndi ngolo.

"Palibe vuto," adatero a Baltazar. "Tichotsa ya wakaleyu. N'zofanana."

Mbale yakaleyo idali ndi chikhungwa cha matope osakanizika ndi oliyo, chokhuthala ngati chala. Poimasula, zibuma zina zidagwa. A Policarpo adaitenga, naitembenuza kawiri.

"Alamu, ndipatseni parafini pang'ono ndiitsuke. Kenaka tithiremo madzi tione ngati..."

"Ngati ili yoyera. Tikukonza galimoto, alamu, sitikuphika phwando. Dzuwa likupita, mawa ndi tsiku la msika. Mangani."

"Achemwali, mwamva? Mukhale mboni."

"Ine ndine wa nkhuku," adayankha a Inácia ali pakhonde. "Za galimoto sindizidziwa."

Adamanga. Motore watsopano adalira ulendo woyamba womwe, mawu ake osalala ngati mphaka wokhuta. Amuna adakuwa, wina adavina ndi chipanda m'manja. A Baltazar adazungulira bwalo katatu akuliza hutala, nkhuku zili balala.

Mmawa mwake adadzuka okha mbandakucha, chinthu chimene sadachitepo chikwatire. Adakweza matumba khumi ndi asanu. A Inácia adatuluka ndi tsache, naona kuti banga la tsiku limenelo lidali lalikulu ngati lichero, poti matope amene ankatseka pang'ono adali atagwa dzulo lake. Adathamangira ku zenera la karinya.

"Bambo a Zita, taimani muone pansi!"

"Ndaona, mwasesa bwino."

"Tengani chitini cha oliyo!"

"Chitini cha chiyani? Uyu samwa!"

Fumbi lidatsala likuwayankha.

Karinya kadayenda bwino mpaka pa chitunda chachitali chimene chili Vila Coutinho asanaonekere. Pamenepo motore adayamba kugogoda ngati mlendo waulemu. Kenaka adagogoda ngati sipayo, wapolisi wa atsamunda. A Baltazar adaganiza kuti motore watsopano akuzolowera msewu, naponda moto kuti amuthandize. Pakati pa chitunda padamveka kuti gu! ndipo kudakhala zii, kungotsala fungo la chitsulo chopserera ndi kulira kwa njiwa m'mabulugamu. Kumbuyo kwawo, pakati pa msewu, kadali kamzere kakuda kolunjika ku Domwe, kowongoka bwino ngati kolemba ndi rula ya ku mishoni.

Mvula yoyamba idasankha tsiku lomwelo. Mbatatesi idanyowa m'matumba, msika udatha a Baltazar atakhala m'karinya, buku lili pamiyendo. Uthenga udafika kumudzi ndi munthu wa njinga, ndipo masana a tsiku lotsatira a Policarpo adafika ndi mlongo wawo atawakweza pa keliyala.

A Policarpo adayesa kupukusa motore ndi chitsulo chake cha kutsogolo, koma adali atauma ngati chitsa. Adalowa pansi, namasula mbale ija, naitsuka ndi parafini, naipatsa alamu awo kuti aigwire ndi manja awo awiri. Kenaka adatunga madzi m'ngalande ndi chipewa, nathiramo. Pakona ya mbale padali mng'alu wochepa ngati tsitsi, pomwe mwala wa msewu wa ku Domwe udamenya tsiku lina losadziwika. Madzi adayamba kudontha, tho, tho, tho, pa nsapato za a Baltazar.

"Kameneka," adatero a Policarpo, "ndikadakawotcherera inu musanamalize kusuta ndudu imodzi."

A Baltazar adayang'ana nsapato zawo nthawi yaitali. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, munthu adamaliza mawu ake pamaso pawo.

"Nanga motoreyu, alamu?" adafunsa ndi mawu aang'ono.

"Wapsa mpaka m'mafupa. Zitsulo zake n'za ku Beira, ndipo msewu mukuudziwa."

"Ndiye tibwezeretse wakale uja."

Adapita kwa mwini kantina tsiku lomwelo, chipewa chili m'manja. Adapeza motore wawo wakale atamangidwa kale pa thabwa kuseri kwa sitolo, ali ndi mbale ina yosulidwa kwa mmisiri, akukonzedwa kuti aziyendetsa chigayo. Mwini kantina adamusisita ngati mwana, nati motore wabwino chotere sadamuonepo, oliyo sakumwa ngakhale dontho. Za kubweza adati malonda ndi malonda. Za ng'ombe adati angathe kuwabwereka tsiku limodzi, poti ndi anansi, kuti zikakoke karinya kuchoka pamsewu.

Choncho karinya kadalowa m'Domwe kakukokedwa ndi ng'ombe ziwiri zimene zinkadziwa njira popanda woziwongolera. A Baltazar adakhala pa chiwongolero, poti wina adayenera kukhalapo, ndipo anthu a m'mbali mwa msewu ankawapatsa moni mwaulemu wonse, ena akufunsa kuti motore wa miyendo isanu ndi itatuyu amamwa oliyo wanji. Zitafika pakhomo, ng'ombe zidalunjika ku khola lawo lakale, ndipo padafunika amuna atatu kuti azibweze kwa mwini wake watsopano. Apo mpamene a Inácia adalira, ndipo sadalire mobisa ayi.

Mbatatesi imene idapulumuka idapita ku Kalomwe pa njinga yobwereka, thumba limodzi pa ulendo, a Baltazar akukankha pa zitunda zonse, thukuta lili kamukamu. Ulendo wachisanu ndi chimodzi adafika pakhomo, nadzigwetsa pakhonde.

"Mayi a Zita," adatero, "mukadandiuza bwinobwino."

A Inácia adawapatsa madzi akumwa, nadikira mpaka atameza.

"Ndikuuzeni tsopano? Muli ndi nthawi yomva mpaka kumapeto?"

A Baltazar adavomera ndi mutu. Adalibenso kothawira, miyendo idali itakana. A Inácia adakoka mpando, nayamba kuyambira pachiyambi, ndipo anthu oyandikana nawo amati nkhaniyo idatenga masiku atatu.

Akuluakulu sadaname: Ndadziwa-kale adamanga nyumba yopanda khomo.