Ezekieli Atcha Mitembo Mayina

Pa esiteti ina ya tiyi m'chigwa cha Honde ku Zimbabwe, kufupi ndi Hauna, Lamulungu masana linali la Ezekieli. Mkati mwa sabata munthuyu ankayendetsa thirakitala yonyamula masamba kupita ku fakitale, ndipo palibe ankamucheukira kawiri. Koma tchalitchi chikangoweruka, ankatseka mazenera a holo ya antchito ndi masaka, n'kukhazika wailesi ya kanema pamwamba pa mgolo, n'kuliza jenereta kuseri. Anthu ankalowa ndi zovala zawo zakutchalitchi, ena nyimbo zikadali pakamwa.

Kanema payekha sakadakoka anthu chotero. Azungu a m'mafilimu amalankhulira m'mphuno, ndipo othyola tiyi ambiri ankangotolapo "yesi" ndi "no". Chokoka anthu chinali pakamwa pa Ezekieli. Ankaima pambali pa kanemayo ndi kandodo m'manja, n'kumamasulira m'chiNyanja chothira chiManyika. Kunena zoona, Chizungu chakenso chinali chotsimphina, koma pomwe sanamve ankaikapo zake, ndipo zakezo zinkakoma kuposa za eni filimu. Pabenchi yakutsogolo sipankasowa bambo ake, sekuru Abrahamu, nkhalamba imene inachoka ku Mulanje ili mnyamata n'kudzakalambira m'minda ya tiyi ya kuno. Ankayenda chokoka mwendo wamanzere, ndipo chijasi chawo chachitali ndi chipewa sankazivula ngakhale dzuwa liswe mtengo. Mwana wawo akangotsekula pakamwa, iwo ndiwo ankayamba kuseka.

M'chaka cha 1991 Ezekieli anabwera ndi tepi ina kuchokera ku Mutare. Inali ya mitembo yodzuka m'manda, yoyenda dzandidzandi manja ali kutsogolo, yogunda zitseko ndi kugwera m'maenje, pamene anyamata awiri opusa ankalimbana nayo ndi mafosholo ndi ziwaya. Eni ake anaikonza kuti ikhale yoseketsa, koma tsiku loyamba m'holomo munalibe woseka. Mutu woyamba utadulidwa, magazi n'kuthovokera pakhoma, amayi anabisa nkhope m'mipango.

"Izi ndi ndondocha izi!" anatero mayi wina uku akunyamuka.

"Zvidhoma!" anavomereza wina kumbuyo, kutchula ndondocha zomwezo m'chiManyika cha eni dera.

Ezekieli anaona kuti malonda akumuthawa. Analoza ndi kandodo kake mtembo wina wamimba yaikulu umene unkavutika kukwera mpanda.

"Khalani pansi, amayi, mukuopa chiyani? Simukuwadziwa awa? Ndi akapitawo athu a Tapson awa, akufunafuna amene wathyola masamba okhwima!"

Holo yonse inaphulika. Kapitawo Tapson mwini wake anaseka mpaka kugwira mimba yomwe ankamusekerayo. Kuyambira pamenepo mtembo uliwonse unali ndi dzina: wowonda anali wophika wa kwa bwana, wopanda mano anali mlonda wa pachipata. Mantha anatha. Fosholo ikatera pamutu, anthu ankagubuduzika ndi phwete, ena kuwomba m'manja, ndipo anapempha kuti filimu yomweyo ibwerezedwe Lamulungu lotsatira, ndi linzake.

Mkazi wake Marita ankagulitsa nthochi pakhomo pa holoyo, ndipo zonse ankazimva.

"Bambo a Naume," anatero tsiku lina akupinda masaka, "lilime lanu layamba kuthamanga kuposa thirakitala. Thirakitala ili ndi mabuleki."

"Pali amene wadandaula? Anthu akuseka, amake Naume. Kuseka n'kulakwa?"

"Nanga bwanji a pabanja pathu pano simuwatchula?"

Funso limenelo Ezekieli analilumpha ngati sanalimve.

Vuto la nthabwala ndi lakuti imasasa msanga. Pofika Lamulungu lachitatu, mimba ya Tapson inali italeka kuseketsa, ndipo Ezekieli ankasakasaka dzina latsopano. Pakati pa filimuyo panali mtembo wina wamtali wovala jasi lamvula lachikasu, umene masabata apitawo ankangoudutsa. Tsono pa esitetipo panali mwamuna wina wamtali wa ku Mozambiki, dzina lake Inacio, amene anawoloka malire kubwerera kwawo atavala jasi lachikasu la kuntchito kuti akatenge amayi ake kunkhondo. Dzinja linadutsa, linanso n'kudutsa, osabwerako, osamvekanso mbiri yake. Mkazi wake Rozaria sanalire maliro, poti panalibe womuuza kuti alire, ndipo nsapato za mwamunayo zinali zikadali kuseri kwa chitseko. Tsiku limenelo anzake anali atamukoka kuti akachotseko maganizo, ndipo anakhala pabenchi yachitatu.

Ezekieli anamuona. Tisamunamizire kuti sanamuone. Koma nthabwala inali itafika kale pansonga ya lilime, ndipo chibadwire munthuyu anali asanamezepo nthabwala.

"Eee, taonani abwera ndani! A Inacio! Mwachedwa bwanji, achimwene? Nanga amayi aja mwawasiya kuti?"

Anthu anaseka. Ena anazindikira kuseka kuli m'kamwa n'kudzitseka pakamwa, koma kunali kutatuluka kale. Pakanemapo mnyamata anakweza fosholo, ndipo mutu wa mtembo wachikasuwo unagubuduka pansi. Rozaria sanakuwe, sanatukwane. Anaimirira, n'kumanga bwino kapulana yake, nsalu ija amavala amayi a kwawo, n'kutuluka pang'onopang'ono ngati munthu wosenza mtsuko wodzaza.

"Pitani mukapepese," anatero Marita madzulo ake. "Lero lomwe, dzuwa lisanalowe."

"Ndikapepese chiyani? Ija ndi filimu chabe. Magazi aja ndi tomato, mutu uja ndi dzungu. Kodi ndine ndinamutuma Inacio kunkhondo?"

Sanapite. Anakumana naye patapita masiku, m'mphepete mwa munda, Rozaria akutsitsa dengu la masamba pafupi ndi thirakitala. Poti panalibe kothawira, Ezekieli anayesa kusalaza nkhani.

"Maswera bwanji, amayi? Zija zinali zoseka chabe, musaziike kumtima."

"Ndamva, a Ezekieli," anayankha Rozaria osakweza mawu. "Kale ndikatseka maso ndinkamuona mwamuna wanga akutsika phiri lija ndi miyendo yake, akundiitana dzina. Chimenecho ndicho ndinatsala nacho. Tsopano ndikatseka maso amabwera ngati muja munamuonetsera, manja kutsogolo."

Mawu amenewo akadalasa munthu wina aliyense. Ezekieli anakanda m'mutu, n'kuliza injini, n'kudziuza kuti akazi a ku Mozambiki ndi a mtima wapachala.

Maganizo ake anali kwina. Filimu ija inkatha ndi dzanja likutuluka m'manda, ndipo aliyense ankadziwa tanthauzo lake: kuli gawo lachiwiri. Kukomboni, kumjigo, ngakhale pamzere wa kuchipatala, funso linali limodzi.

"Nhai a Ezekieli, pati thuu ibwera liti?"

"Ikubwera! Ndatuma kale kondakitala wa basi ya ku Mutare. Akuti mitembo ya mmenemo ndi yochuluka moti mayina a pa esiteti pano sakwana, tikabwereka ena ku Chipinge."

Podikira tepiyo ankabwereza yakale ija, ndipo anthu anayamba kumulanda ntchito. Mtembo ukangotulukira, wina ankafuula dzina iye asanatsekule pakamwa. Ezekieli ankanyadira. "Ana a sukulu anga akhoza mayeso," ankatero.

Kenako chisanu cha mwezi wa Juni chinatsika m'mapiri, ndipo sekuru Abrahamu anagwidwa ndi chibayo. Sanadwale nthawi yaitali. Anawaika ndi chijasi chawo ndi chipewa chomwe, monga anapemphera okha. Ezekieli analira ngati mwana, chifukwa bambo akewo ankawakonda koposa, ndipo m'dziko lachilendoli ndi iwo okha amene ankamuuza za kwawo. Pamaliropo Rozaria anabwera, natunga madzi, nasonkha moto pamodzi ndi amayi anzake. Atafika pa Ezekieli anagwada n'kunena kuti, "Pepani ndi zovutazi," basi. Kuchokera pamenepo Rozaria ndi Marita anayamba kuyenderana, mpaka kumathandizana kugulitsa nthochi.

Mwezi utatha, tepi ya gawo lachiwiri inafika ndi basi ya Lamulungu m'mawa. Mbiri inawanda tchalitchi chisanaweruke.

"Yambani mwaionera nokha," anatero Marita. "Anthu mukawaonetse sabata ya mawa. Mtima wanu sunapole."

"Ndiionere chiyani? Mitembo ndi mitembo. Ukaona umodzi waona yonse."

Masana amenewo holo inadzaza mpaka ena kukhala pansi. Malo amodzi okha pabenchi yakutsogolo anthu anawasiya opanda munthu, ndipo Ezekieli ankayesetsa kusayang'anako. Rozaria sanalowe. Chichokere tsiku lija anali asanapondemo, ndipo anakhala panja ndi Marita, msana atalozetsa kuchitseko.

Filimu inayamba bwino. Anyamata opusa aja anabweranso, mitembo inadzukanso, ndipo Tapson anapezekanso ndi mimba yake. Pang'onopang'ono lilime la Ezekieli linamasuka, n'kuyamba kumva kukoma ngati kale. Kenako pakona pa nyumba ina panatulukira mtembo wa nkhalamba, utavala chijasi chachitali ndi chipewa, ukukoka mwendo wamanzere.

Kandodo kanauma m'malere. Ndipo poti mphunzitsi anali chete, mwana wa sukulu anayankha. Anali Aroni, wokonza makina kufakitale, amene anali atalawako pang'ono asanabwere.

"Sekuru Abrahamu! Adzuka kudzaonera pati thuu!"

Holo inaseka. Sikunali kuseka kwa nkhanza ayi. Anthuwa anali omwe aja anakumba manda ndi kuimba nyimbo pamaliro. Koma pakamwa pawo panali patazolowera, ndipo wowazoloweza anali ataima patsogolo pawo. Pakanemapo mnyamata uja anawerama n'kutola fosholo. Ezekieli ankadziwa bwino chimene chimatsatira fosholo ikatoledwa. Batani lozimitsira linali pafupi, loti akadangotambasula mkono, koma sanalikhudze. Anangoima, maso ali pa chipewa chija.

Rozaria ali panja anamva dzinalo, ndipo kuseka kwa mtundu umenewo ankakudziwa. Anasiya nthochi, n'kukankha chitseko, n'kudutsa pakati pa mabenchi akumasula kapulana yapamwamba. Mnyamata wa m'filimu akukweza fosholo, iye anayala nsaluyo pakanemapo, n'kuiphimba yonse. Phokoso la fosholo linamveka kuseri kwa nsalu, koma palibe anaona pamene inatera.

Jenereta yokha ndiyo inkalira kuseri.

"Zimitsani, a Ezekieli," anatero Rozaria. "Zikalowa m'maso sizituluka."

Ezekieli anazimitsa. Aroni anali ataimirira kale, chipewa chili m'manja, mowa wonse utamuthera.

"Mukoma, ndikhululukireni. Pakamwa pangotsetsereka."

"Khala pansi, Aroni," anayankha Ezekieli. "Wakuphunzitsa ndine."

Kenako anaika kandodo kake pamgolo, n'kugwada pasimenti pamaso pa anthu onse, n'kuwomba m'manja mwaulemu monga amachitira eni dziko.

"Amayi, ndinakulakwirani. Inu mwandiphimbira, koma ine tsiku lija ndinachita kukulozerani ndi ndodo."

Rozaria anachotsa kapulana yake pakanema wozimayo, n'kuikutumula, n'kuimanganso m'chiuno.

"Inu mukudziwa pamene anagona bambo anu," anatero. "Muziwakumbukira ali pabenchi apo, akuseka. Imirirani, simenti ikuzizira."

Anthu anatuluka mmodzimmodzi, opanda wofunsa za filimu. Tepi ija inabwerera ku Mutare ndi basi ya Lolemba, ndipo mmene gawo lachiwiri linathera palibe akudziwa pa esitetipo. Kondakitala atabwera ndi nkhani yoti kuli gawo lachitatu, Ezekieli anamuuza kuti akalionetse kwawo. Mafilimu ena anapitiriza kuonetsa, ndipo anthu ankasekabe, poti pakamwa paja sipanaphwe, koma dzina la munthu wa pa esitetipo silinamvekenso m'holomo. Chokhacho chimene sanathe kukonza ndi chija anaononga pachiyambi. Inacio sanabwerere, ndipo Rozaria akatseka maso ankamuonabe manja ali kutsogolo. Ezekieli ankadziwa zimenezi, ndipo akakumana naye m'njira ankaimitsa thirakitala kuti fumbi lisamugwere.

Paja akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.