Munthu Amene Anasiya Mayi Ake pa Siteshoni

Tcherani khutu, abale ndi alongo, akulu ndi ana omwe. Mawu awa muwasunge mumtima, pakuti tsiku lowafuna limafika mosagogoda.

Panali munthu wina amene mayi ake, Anachisale, anachita ng'ala m'maso onse awiri. Ankangoona chimbuuzi, ndipo ankazindikira anthu ndi mawu okha. Mwanayo atamva za madokotala a dziko lina la kutsidya kwa nyanja, anawatenga mayiwo kupita nawo kumeneko.

Anafika mumzinda waukulu m'nyengo yozizira koopsa. Potsika sitima, miyendo ya mayiwo inali itatupa ndi ulendo. Mwanayo anawakhazika pa benchi m'kati mwa siteshoni, nati, "Khalani pompano, amayi. Ndikaone kaye kumene kuli chipatala, kuti ndisakuzunguzeni ndi miyendo imeneyi. Ndibwera msanga."

Anatulutsa foni yake. Pagalasi lake panaoneka misewu yonse ya mzindawo, ndi kadontho kamene kankayenda iye akayenda. Munalinso mawu a mkazi wosaoneka, omuuza pokhotera kumanja ndi pokhotera kumanzere. Munthuyo anaweramitsa mutu natsata mawuwo.

Inu mukudziwa mmene makolo athu ankayendera kuchilendo. Akafika pamphambano ankacheuka, kuti aone mmene njirayo idzaonekere pobwerera. Ankaloweza chulu, kapena mtengo wong'ambidwa ndi mphezi. Akakumana ndi munthu ankamupatsa moni, nafunsa dzina la mudziwo. Koma uyu sanacheuke ngakhale kamodzi, ndipo sanapatse munthu moni. Dzina la siteshoni imene anasiyako mayi ake sanaliwerenge n'komwe. Mumtima mwake ankati, "Foni ikudziwa."

Atayenda mtunda wautali, anaima m'mbali mwa msewu foni ili patsogolo. Munthu wa panjinga yamoto anadutsa ngati kamvuluvulu, naitsomphola. Dzanja linatsala lotambasuka, lopanda kanthu.

Pamenepo ndi pamene mwana uja anadzutsa mutu, nauona mzindawo koyamba. Nyumba zinali zazitali, zofanana ngati zobadwa mimba imodzi. Zilembo za pamakoma sanazidziwe. Anatembenuka kuti abwerere, koma misewu inali yambiri, ndipo palibe ndi umodzi womwe umene anaukumbukira. Chimene anakumbukira chinali kadontho kaja basi.

Anaimitsa wapolisi, nayesa kufotokoza ndi mawu ochepa ndiponso ndi manja. Wapolisiyo anamva, nafunsa, "Siteshoni iti? Mumzinda muno masiteshoni ndi ambiri." Munthuyo anatsegula pakamwa, koma dzina munalibe.

Mantha anamugwira m'mafupa. Anaganiza za mayi ake, osaona, osamva chinenero cha anthuwo, ovala juzi yopyapyala ndi chitenje. Anaganiza kuti akatopa kudikira adzanyamuka kukamufuna, akupapasa ndi manja, ndipo pafupi pomwepo pali phompho la njanji pamene sitima zimadutsa mosaima. Dzuwa linali litapendeka, ndipo mphepo inayamba kuluma ngati mpeni.

Anathamanga nalowa siteshoni yoyamba imene anaipeza. Mabenchi anali ofanana ndi aja, anthu ali piringupiringu, koma mayi ake sanawaone. Anthu a kumeneko sakweza mawu pagulu. Aliyense amayenda ali duu. Munthuyo anaima pakati pawo, manyazi ndi mantha zikulimbana m'chifuwa mwake. Kenaka anataya manyazi, nafuula monga mmene munthu amaitanira mnzake kutsidya la dambo:

"Amayi! Anachisale!"

Anthu anamuthawa ngati wamisala. Alonda anamugwira mkono namutulutsa kunja. Iye anafunsa njira ya ku siteshoni ina, nakafuulanso. Anamutulutsanso. Anapitirira chomwecho, siteshoni ndi siteshoni, kufikira mawu anasasa ndipo milomo inang'ambika ndi chisanu.

Pa siteshoni ina, mphamvu zitamuthera, anaitana ndi mawu otsala. Ndipo kuseri kwa khamu kunamveka liwu lonjenjemera:

"Wawa! Kuno, mwanawe!"

Anawapeza ali chiimire pafupi ndi benchi ija, atagwira chipilala chachitsulo, miyendo yotupa ija ikugwedera. Anagwada nagwira mapazi awo. Anali ozizira ngati mwala wa mumtsinje.

"Amayi, mwaimiriranji chonsecho miyendo ikukupwetekani?"

"Ndinati ndikakhala pansi anthuwa andiphimba, sundiona," anatero mayiwo. "Anabwera ena kudzandikoka mkono, kaya amati andipititse kofunda. Ine ndinakakamira chitsulochi. Ndinati ndikachoka pano, mwana wanga akandipeza kuti?"

Munthuyo analira mokweza, osasamalanso za omuyang'ana.

Tsono imvani, okondedwa. Ambiri a ife tinamuuza Mulungu kuti, "Dikirani pompano, ndibwera msanga," ndipo tinatsata mawu ena okoma amene ankatiuza pokhotera. Sindikunena kuti foni ndi tchimo. Ngakhale ine ndili nayo m'thumba muno. Ndikunena kuti chilichonse chimene mwachigwira m'dzanja chingathe kulandidwa m'kuphethira kwa diso, kaya ndi ntchito, kaya ndi thanzi, kaya ndi nzeru zanu. Tsiku limenelo mudzafunsidwa kumene munamusiya Mwini moyo wanu, ndipo n'choopsa kutsegula pakamwa osapezamo yankho. Cheukani lero, kukadawala. Ndipo ngati mwasochera kale, musaope maso a anthu. Fuulani. Iye sanachoke pamene munamusiya.

Ambuye adalitse makutu amene amva mawu awa, asunge mapazi anu m'misewu yachilendo, ndipo ayankhe msanga pa tsiku limene mudzaitane. Ameni.