Mtengo wa Nyundo

Timu ija inalibe ofesi yakeyake. Zonse zinkachitikira kuseri kwa shopu ya matayala, m'kachipinda ka tebulo limodzi, mipando itatu ndi kabati ya mafayelo yosatsekeka bwino. Fungo la labala linkalowerera ngakhale m'makalata. Lolemba lililonse majezi ankayanikidwa pa mulu wa matayala akutha, manambala atayang'ana kumsewu, ndipo madalaivala obwera kudzapopetsa ankaima pamenepo n'kumakangana za masewero a Loweruka.

Mwini shopu ndiye analinso mwini timu. Dzina lawo lenileni linatsala pa ziphaso pokha. Aliyense, ngakhale akazi awo, ankangoti a Tcheya. Timuyo anaiyamba ndi mpira umodzi ndi amuna omata machubu, ndipo m'zaka khumi ndi ziwiri anaikwezera mu ligi yachiwiri. Anali munthu wa dzanja lopatsa, koma akagwira mfundo ankaigwira ngati nkhupakupa pakhutu la galu. Mabuku a timu ankasunga ndi mlongo wawo wamkulu, mayi wopuma pa ntchito ya ukalaliki, amene osewera onse ankangowatcha Anti.

Ndalama zinkalowera makomo atatu. Panali za pageti, panali za kampani ya penti imene dzina lake linali pachifuwa pa majezi, ndiye panali za matayala, zimene zinkatseka mabowo otsala. Mwezi ukatha osewera makumi awiri ndi atatu, kochi ndi wotchetcha bwalo ankalandira, ndipo m'kabatimo munkatsala mapepala okhaokha.

Chaka chimenecho timu inali pa nambala yachiwiri, kutatsala masewero asanu ndi anayi. Chimene chinaifikitsa pamenepo chinali mwendo wa wosewera kutsogolo wina wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, amene masapota anamupatsa dzina loti Nyundo. Akamenya mpira, magoloboyi ankayamba ateteza nkhope, golo pambuyo.

Lolemba lina m'mawa panaima galimoto yoyera yosafuna tayala lililonse. Munatuluka bambo wa jekete, nthumwi ya timu ina yaikulu ya mu ligi yapamwamba. Anakhala pa mpando wachitatu uja, nalemba nambala pakapepala n'kukankhira pakati pa tebulo. Anti anakoka kapepalako, nachotsera pamtima, ndipo anapeza kuti ndalamayo ikanalipira timu yonse kwa miyezi khumi ndi inayi popanda kugulitsa tikiti ngakhale imodzi.

A Tcheya anasuzumira, naseka.

"Imeneyi ndi ya mwendo wamanzere. Nanga wamanja mwabweretsa zingati?"

Bambo wa jekete anasekako pang'ono mwaulemu, nanena kuti adikira yankho mpaka Lachisanu. Atangotuluka, Anti anatseka chitseko.

"Achimwene, mwaiona bwino nambala ija?"

"Ndaiona. Ndi yochepa."

"Kontirakiti ya mwana uyu yatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi. Ikatha, ndi mbalame ya m'tchire, aliyense atha kuikola osatipatsa kanthu. Mugulitseni sabata ino. Ngati simukufuna, mumusayinitse ina sabata yomwe ino."

"Ndikamusayinitsa ina afuna ndimukwezere malipiro, ndipo mawa anzake onse andanda pakhomo pano. Dekhani, achemwali. Masewero asanu ndi anayi okha. Tikwera ligi yapamwamba, ndiye a majekete abwera atatu, azidzalimbirana okha. Mtengo udzakwera katatu."

"Nanga akathyoka mwendo?"

"Inu mumangoona maliro paliponse."

Madzulo a tsiku lomwelo Nyundo anabwera yekha, atamva kale, poti nkhani ya ndalama siigona m'nyumba. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja mpaka atauzidwa kuti akhale.

"Bwana Tcheya, ine mwandilera ndinu, sindingakane. Koma akunyumba ali ndi pathupi, ndipo tikukhala chipinda chimodzi ndi alamu anga. Kumeneko akuti adzandipatsa kanayi kuposa kuno. Chonde ndiloleni ndipite, nanunso mupezepo kanthu."

"Mwana wanga, ukufuna kudzigulitsa pa mtengo wa nkhuku pamene uli ng'ombe? Ndipatse masewero asanu ndi anayi. Ndidzakuperekeza ndekha pa galimoto yanga."

Lachisanu linadutsa, foni sinaimbidwe. Ndipo kunena zoona, masabata atatu otsatira anaoneka ngati akuikira umboni a Tcheya. Timu inapambana katatu, Nyundo anagoletsa zigoli zisanu, anthu pageti ankachita kupanikizana. A Tcheya ankalowa m'kachipinda kaja akuimba likhweru.

"Achemwali, maliro aja afika pati?"

Anti ankangolemba.

Sabata yachinayi, Lachinayi masana, wailesi ya m'shopu inalengeza kuti chifukwa cha mliri umene unkafalikira, misonkhano yonse yaletsedwa, ndipo ligi yaimitsidwa kwa masabata awiri. A Tcheya anati masabata awiri ndi mpumulo wabwino, osewera apoletse mabala. Masabata awiri aja anabala ena awiri, enawo anabala mwezi, kenako olengeza analeka kutchula tsiku.

Khomo la pageti linatsekeka tsiku lomwelo. La kampani ya penti linatsekeka ndi kalata yaulemu kwambiri, yokumbutsa ndime yachisanu ndi chiwiri ya mgwirizano: kampani imalipira pa masewero amene aseweredwa. Ndime imeneyo a Tcheya anaisayinira okha zaka zitatu m'mbuyomo, ndipo aka kanali koyamba kuiwerenga. Khomo lachitatu linatsekeka pang'onopang'ono. Malole anaima m'magalaja, mabasi ankayenda mwa apo ndi apo, ndipo tayala losayenda silikutha. Tsiku lina shopu yonse inagulitsa mavavu a matayala awiri basi.

Koma zotuluka sizinamve kuti kuli mliri. Udzu wa pabwalo unkamerabe. Mwini bwalo ankafunabe lendi, chimodzimodzinso mwini nyumba imene munkagona osewera asanu ndi atatu ochokera kutali. Mwezi woyamba a Tcheya analipira onse mokwanira, kuchokera m'thumba mwawo. Wachiwiri analipira theka atagulitsa makina opimira magudumu. Wachitatu anatumiza uthenga pa foni wopempha osewera kuti apirire. Kochi anayamba kuphunzitsa ana a anthu olemera kulimbitsa thupi m'mipanda mwawo. Goloboyi ankagulitsa makala pa njinga. Nyundo anapeza ganyu yonyamula matumba a simenti pa nyumba ina imene inkamangidwa, ndipo mwana wake anabadwira m'chipinda chomwe chija cha alamu ake.

M'mwezi wachinayi Anti anaika foni patebulo pamaso pa mlongo wawo.

"Imbani. Ngakhale atapereka theka, tilandire."

A Tcheya anaiyang'ana foniyo nthawi yaitali ngati ndi mbale ya mankhwala owawa. Kenako anaimba. Bambo wa jekete anayankha mwansangala, nafunsa za kunyumba, nadandaula za mliri, nanena kuti nawonso adula malipiro a osewera awo.

"Za mnyamata uja," anatero a Tcheya, "ndaganizanso. Titha kukambirana pa nambala ija."

"Pepani a Tcheya, nambala ija inapita ndi nthawi yake."

"Chabwino, nenani ina."

Bambo wa jekete anayankha mosabisa.

"Ndisakunamizeni, akulu. Kalendala tili nayo nafenso. Kwatsala miyezi iwiri. Mabwana anga akuti tingodikira."

A Tcheya anathamangira kulembera bungwe loyendetsa ligi, kupempha kuti miyezi imene mpira sunaseweredwe isawerengedwe pa makontirakiti. Yankho linabwera patatha masabata atatu: nkhani yotalikitsa kontirakiti ndi ya timu ndi wosewera, ngati onse awiri agwirizana. Pamenepo anamuitanitsa Nyundo.

Anabwera wapansi, simenti ili mbuu m'tsitsi ndi m'zikhadabo. A Tcheya anamuikira pepala latsopano, la zaka ziwiri, malipiro owirikiza kawiri.

Nyundo analiwerenga lonse mpaka pansi, nalibweza ndi manja awiri.

"Bwana, kawiri ka chiyani? Miyezi iwiri ino sindinalandire kalikonse."

"Zinthu zikhala bwino. Ukasayina, ndikugulitsa mwaulemu, iwe upeza, timu ipeza."

"A timu yaikulu ija akundiuza kuti ndikadikira mpaka pa 30, tsiku lothera kontirakiti yanga, ndalama imene akanakupatsani inu, gawo lina adzandipatsa ine m'manja. Ndili ndi khanda, bwana."

"Ndiye wandigulitsa? Ine amene ndinakutola ukusewera wopanda nsapato?"

Mnyamatayo sanakweze mawu.

"Munanditoladi, ndipo sindidzaiwala. Koma ndinabwera pano, pa mpando womwe uno, kudzakupemphani kuti mudyepo. Munati ndidikire. Ndadikira, bwana."

Anatsanzika Anti powagwira dzanja, natuluka. Pa 1 mwezi wotsatira chithunzi chake chinatuluka atanyamula jezi ya timu yaikulu ija. Ku shopu ya matayala sikunafike ngakhale kandalama kogulira mpira umodzi, ndipo panalibe lamulo limene linathyoledwa.

Ligi inayambiranso patatha miyezi isanu ndi itatu, koma popanda oonerera. Timu iliyonse inkayenera kuyezetsa osewera ake masewero asanachitike, ndi ndalama zake, ndiponso kuyenda pa mabasi awiri m'malo mwa imodzi kuti anthu asathithikane. Matimu onse anavulala chaka chimenecho, koma sanavulale mofanana. Ina, imene inali pa nambala yachisanu ndi chitatu, inali itagulitsa wotchinga kumbuyo wake ligi isanaime, pa mtengo umene a Tcheya anauseka pa nthawiyo. Imeneyo inabwerera ndi osewera ake onse.

Kochi ataitana osewera a timu ya matayala, anabwera khumi ndi mmodzi. Ena anali atabwerera kwawo nyumba ija italandidwa, ena anali atapeza ntchito zimene sakanazisiya chifukwa cha lonjezo. Masewero oyamba anagonja ndi zigoli zinayi kwa duu, pa benchi pali kochi yekha ndi botolo la madzi. Achiwiri anali akutali, ndipo ndalama ya mabasi inasowa. Achitatu analepheranso kupita. Malamulo a ligi ankati timu yojomba kawiri motsatizana ichotsedwe, ndipo kalata yake sinachedwe.

Anti ndiwo anaumirira kuti osewera auzidwe pamaso, osati pa foni. Anakumana pabwalo Lachiwiri m'mawa, udzu utafika m'mawondo chifukwa wotchetcha anali atasiya kalekale. Osewera anakhala pansi mozungulira monga ankachitira pomvera kochi. A Tcheya anaima pakati, ataonda moti kolala ya shati inkachita kulendewera.

"Anyamata, timu yatha. Mliri wativulaza, koma ndisaunamizire wonse. Ndalama yokusungani inabwera pakhomo panga ndi miyendo yake, ine ndinaibweza. Achemwali angawa anandiuza. Zimene muli nazo kwa ine zalembedwa, ndipo ndidzabweza pang'onopang'ono shopu ikadzuka. Makalata okumasulani ndi awa, aliyense akafune timu kumene angaipeze."

Palibe anatukwana. Mwina zikanawapepukira akanatukwanidwa. Anti anayamba kuitana mayina, aliyense n'kumadzatenga kalata yake. Goloboyi, amene anali wamkulu pa onse ndipo anali atasewerera timuyo zaka zisanu ndi zinayi, analandira yake naipinda kanayi.

"Ine zaka zapita, bwana, palibe anganditenge. Ndingopempha magolovesi ndisunge. Pa njinga ya makala m'mawa kumazizira."

A Tcheya anangogwedeza mutu movomera.

Onse atabalalika, anatsala awiri, mlongo ndi mlongo wake. Anti anatseka chikwama chawo.

"Tiyeni, achimwene. Kuli lole ikudikira kumatidwa tayala. Imeneyo ndiye ndalama ya lero."

Ananyamuka ulendo wa kushopu, a Tcheya patsogolo, osacheuka.

Shopu inadzukadi patapita chaka, ndipo osewera aja analipidwa mmodzimmodzi, goloboyi poyamba. Timu yokha sinadzukenso. A Tcheya sanabe kanthu, sanadyere munthu masuku pamutu, ndipo mliri sanauitane ndiwo. Cholakwa chawo chinali chimodzi: anakana chimene chinali patebulo chifukwa cha chimene chinali m'maloto, osadziwa kuti pakati pa lero ndi masewero asanu ndi anayi pakhoza kugwa chilichonse. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.